Ulemu kwa Bwana Wosabweretsa Kanthu

Ku Kasungu anthu amatamanda mvula yabwino, fodya wa bale ndi mitengo yokoma ku okishoni ya ku Chinkhoma. Palibe amene anayimbirapo nyimbo bwana sin²x + cos²x = 1, pomwe iye wakhetsa thukuta la ana asukulu a Fomu 4 chaka ndi chaka mayeso a MANEB akamayandikira. Kumeneku ndi kusayamika.

Ukulu wa bwanayu uli poti sabweretsa chatsopano. Mupatseni ngodya ya madigiri 30, 60 kapena 200, yankho lake ndi 1 yemweyo. Sanagonjepo pa mlandu, chifukwa mbali yake yakumanzere ndi yakumanja ndi chinthu chimodzi chovala malaya awiri. Ndi mtsogoleri uti angapose pamenepa?

Ntchito yake imaoneka funso likabwera losokonezeka, monga 2sin²x + 3cos x = 3. Muli sin, muli cos, ndipo mwana amangoluma cholembera. Mlimi aliyense wa ku Santhe kapena ku Chamama amadziwa kuti belo losakaniza magiredi ogula amalibweza. Bwanayu ndiye wosankha fodya wa m'masamu. Amachotsa sin²x, n'kuikapo 1 − cos²x, belo lonse n'kukhala giredi imodzi: 2cos²x − 3cos x + 1 = 0. Apa funso lafewa, latsala la mtundu umene mwanayo anaphunzira kale. Cos x ndi 1 kapena theka, ndiye kuti x ndi madigiri 0, 60, 300 kapena 360. Bwanayu sanawerengere kalikonse, wangosintha zovala za funso, koma ulemu wonse ndi wake.

Ngakhale m'chigafa alimo, osaitanidwa. Denga likakwera mamita 3 pa mtunda wa mamita 4, phaso lake limatalika mamita 5. Sin wa ngodya ya dengalo ndi 3/5, cos ndi 4/5, ndipo 9/25 kuphatikiza 16/25 ndi 1. Womanga chigafa samudziwa n'komwe, komabe amamumvera.

Mtundu wake nawo ndi wachifumu. Ndi mdzukulu wa lamulo la Pythagoras, ndipo achibale ake anathandiza Ptolemy wa ku Alexandria kuwerengera mayendedwe a nyenyezi cha m'ma 150, m'buku lake la Almagest. Ptolemy analemba m'Chigiriki, chinenero chimene Kamuzu Academy, yotsegulidwa mu 1981 ku Mtunthama, inkaumiriza ana kuphunzira. Kunena zoona, Kasungu anamulandira mlendoyu pa makomo awiri.

Monga akuluakulu onse, ali ndi kamkwiyo kake. Mwana akangoiwala kuti 2 uja achulukitse zonse za m'mabulaketi, n'kulemba 2 − cos²x m'malo mwa 2 − 2cos²x, bwanayu sachenjeza. Amamusiya alembe tsamba lonse mwaukhondo, mzere ndi mzere, mpaka afike pa yankho labodza ndi kulitsekera mizere iwiri pansi.