Tiyimbire Yodziwika! Zomwe Zikukambidwa M'tauni

Nkhani ya kukwera mitengo kwa zinthu ikapumira pang'ono, ya Maule ndi Manoma nayo ikatha mpweya, anthu m'tauni masiku ano akumatembenukira kwa ana a magitala. Ndikunena anyamata ndi atsikana aja mumawaona chakumadzulo atabereka gitala kumsana, wina akudikira minibasi pa Ginnery Corner, wina akutsika kabaza ku Area 23 pafupi ndi sukulu ya zoyimbayimba ya Music Crossroads. Amakhala akupita kukayimba nyimbo zopeka okha, pamaso pa anthu, popanda CD yowabisira mawu. Wina akuwayamikira, wina akuwamvera chisoni, ndipo pagulu lililonse sipalephera kupezeka wofunsa kuti kodi ana amenewa amadya chiyani.

Kometera kwina ku Ndirande mkangano wa masiku ano ndi wa CD womwewu. Wometa, yemwe amadziwa chilichonse kuyambira mpira mpaka mtengo wa dola, akuti woyimba wongoseweretsa nyimbo yake pa kompyuta n'kumathamangathamanga pa steji akukuwa kuti "manja m'mwamba!" ndi wakuba basi. Iwe walipira pakhomo kuti umve munthu akuyimba, koma ukumva zomwe zili kale m'foni mwako, chowonjezerapo n'kupuma kwa befu kokha. Mnyamata amene anali pampando, mutu utametedwa mbali imodzi, anakana. Anati anthu amayiwala kuti bandi ndi ndalama. Wa ng'oma, wa bezi, wa kiyibodi, onsewo amafuna kudya, malo okonzekera nyimbo amalipiritsa pa ola, zida nazo zimafuna galimoto. Mwana woti wangoyamba kumene azitenga kuti? Wometa anazimitsa makina n'kunena kuti n'chifukwa chake iye amavulira chipewa amene amabwera ndi gitala imodzi yokha. Anayamba kusonyeza ndi chipeso mmene gitalayo amayigwirira, ndipo ife a pabenchi tinadikira mpaka nyimbo ya chipesoyo itatha.

Wometayu ali ndi umboni, ndipo umboni wakewo ine ndinawuona ndi maso. Usiku wina pamalo ena achisangalalo mu Blantyre magetsi anazima nyimbo ili pakati. Jenereta inakana kulira. Pa steji panali mtsikana wochepa thupi, chala chimodzi atachimanga pulasitala, akuyimba za agogo ake amene anamuphunzitsa sukulu ndi ndalama za zitumbuwa. Sanasiye. Anakoka kireti ya mabotolo, anakhala kutsogolo kwenikweni, n'kupitiriza ndi mawu ake enieni. Anthu anayatsa matochi a m'foni, ena n'kumaletsana phokoso, woperekera zakumwa anaima ndi thireyi m'manja. Pofika kachitatu pa kolasi, anthu anali akuvomera nyimbo yomwe anali asanayimvepo chibadwire. Woyimba wotsatira, wodalira CD, anali m'galimoto kudikira kuti jenereta ikonzedwe.

Nkhaniyi inayenda, ndipo poyenda inanenepa. Itafika ku Limbe ankati mtsikanayo anayimba maola awiri mumdima. Ku Zingwangwa ankati abambo a ndevu zawo analira. Ku Bangwe ndinamva munthu akulumbira kuti analipo, ndipo gitalayo inali ndi nsambo imodzi yokha. Zoona zake n'zakuti anayimba nyimbo zitatu, ndipo zitatuzo zinakwanira.

Madala a pa bawo nkhaniyi siyikuwadabwitsa. Akuti inu ana mukuona ngati mwatulukira zachilendo, chonsecho a Daniel ndi a Donald Kachamba a ku Chileka ankasonkhanitsa khamu ndi gitala ndi chitoliro, a Allan Namoko ankagwedeza dziko ndi banjo, maso osaona. Wina anakumbutsa kuti Alleluya Band inayamba mu 1978 ngati gulu la achinyamata a pa tchalitchi ku Balaka, ndipo m'menemo ndi momwe munatuluka a Paul Banda ndi mng'ono wawo Lucius, Soja amene anatisiya mu 2024. Mdala wina, akutakata njombwa mosayang'ana n'komwe, anati iye sadandaula chilichonse malinga ana azipeka zawo. Anatchula a Giddes Chalamanda, obadwa mu 1930, amene nyimbo yawo ya Linny Hoo inazungulira dziko lonse pa TikTok atayiyimbanso pamodzi ndi Namadingo. Nyimbo ija anayipeka okha kalekale, inawadikira mpaka ukalamba. Mnzake anamuuza kuti asewere kaye, mbiri azinena atadyedwa.

Koma nkhani imene ikuutsa mapiri pachigwa ndi ya mu minibasi ya ku Chilomoni. Mayi wina ankadandaula za khalidwe la anthu ena ku shoo. Mwana wangoyamba nyimbo yake, sanamalize ngakhale ndime yoyamba, bambo wina amene wakhuta kale wayamba kukuwa kuchokera kumbuyo: "Iwe, tiyimbire yodziwika! Ya Soja! Ya Matafale!" Kondakitala anayikira kumbuyo bamboyo. Anati munthu wagwira ntchito sabata yonse, ndalama yake akufuna avine nayo, osati kukhala chete ngati ali m'kalasi. Mayiyo anamufunsa ngati Matafale anabadwa nyimbo zake zili zodziwika kale. Minibasi yonse inaseka, kondakitala n'kuyamba kuwerenga chenji chomwe anali atawerenga kale.

Pamenepa ine ndili mbali ya mayiyo, ndipo ndilibe manyazi kutero. Kuyimba nyimbo za eni kuli ndi malo ake. Mabandi a m'mahotela ndi a pa maukwati amadyera momwemo, ndipo ambiri amayimba bwino zedi. Koma mwana amene wayima pamaso pa anthu osamudziwa ndi nyimbo imene wayilemba yekha m'kope, usiku, ena onse m'nyumba atagona, wasankha njira yovuta. Palibe amene amuvomere poyamba. Akalakwitsa palibe pobisala. Akayimba za lendi, za mayi ake odwala, za mnzake amene anapita ku Joni osabwerako, ndiye kuti akutiuza za ife tomwe, m'mawu amene sitinawamvepo. Tikamukakamiza kuti azingobwereza za akuluakulu, zaka makumi awiri zikubwerazi bambo wokuwa uja adzakhalabe akuyitanitsa nyimbo zomwezi, chifukwa zina sizidzakhalapo. Evison Matafale anamwalira mu 2001 atangotulutsa zimbale ziwiri za Kuimba, ndipo nyimbo zimene tikuzikuwirira lerozi panali tsiku limene anthu anazimva koyamba, osadziwa poyambira kuvomera.

Ku saluni nkhani ndi ya makolo. Mayi wina, mutu uli mu dilaya, anati wake akangoyerekeza kubwera ndi gitala pakhomo, ayiwaza nkhuni. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, anatero, mwana ayambe wapeza ntchito ya pamwezi. Womanga tsitsi anamukumbutsa kuti mwana yemweyo ndi amene amatsogolera kwaya ku tchalitchi, ndipo mayiyo ndi amene amayamba kululutira. "Izo n'za Mulungu, asisi," anayankha. Wina anatchula Keturah ndi Sangie, kuti atsikana nawonso akutha. Wina anabweretsa ya Madalitso Band, anyamata awiri aja, Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni, amene ankayimba m'misewu ya Lilongwe ndi gitala ya nsambo zinayi, ng'oma yoponda ndi chidendene, ndi babatoni ya nsambo imodzi yopanga okha. Mu 2017 anakayimba ku Sauti za Busara ku Zanzibar, ndipo kuchokera pamenepo akhala akuyendera mayiko a ku Ulaya. Mayi uja anatulutsa mutu mu dilaya n'kufunsa kuti babatoniyo amakwera nayo bwanji ndege. Pa za gitala ya mwana wake sananenenso kanthu.

Mantha a mayiyu si opanda pake, ndipo ana a magitalawo ndi oyamba kuvomereza. Mukawapeza pa chiwaya atasonkherana ya tchipisi, nkhani yawo ndi imodzi: okonza mashoo ena amawalipira ndi mawu akuti "utchuka". Pa positala dzina lawo limakhala pansi penipeni, timalemba ting'onoting'ono, pafupi ndi mtengo wolowera. Amawayika kuti atsegulire masana dzuwa lili pamutu, mipando ili mbee, omvera ndi a chitetezo ndi ogulitsa soseji. Pomaliza apatsidwa botolo la chakumwa ndi ya thiransipoti yosafika kwawo. Mmodzi anaseketsa anzake kuti iye watchuka kale kokwanira, tsopano akufuna atchukeko ndi kwa eni nyumba. Mnzake wamkuluko anawalangiza kuti akalembetse nyimbo zawo ku COSOMA, bungwe loteteza ntchito za aluso lomwe linakhazikitsidwa mu 1992, chifukwa ndalama zochokera ku mawayilesi ndi za msonkho wa zipangizo zosungira nyimbo zimagawidwa kwa olembetsa. Ambiri sadziwa zimenezi, amangoti nyimbo ikalowa pa WhatsApp ndiye kuti zatheka.

Komabe makomo alipo, ndipo iwo amawatchula mayina ndi maso owala. Ku Blantyre amatchula Jacaranda Cultural Centre ndi madzulo ake a Sounds of Malawi, kumene anthu amabwera kudzamvetsera. Amalota za Lake of Stars, imene inayambira ku Chintheche mu 2004, ndi Sand Music Festival imene Lucius Banda anayiyambitsa mu 2010. Amene anafikako ku Tumaini Festival, ku kampu ya anthu othawa kwawo ya Dzaleka ku Dowa, samaliza kusimba. Chikondwererochi anachiyambitsa ndi mlakatuli Menes La Plume mu 2014, kulowa n'kwaulere, ndipo mwana wa ku Kawale amapezeka akusinthana steji ndi anzake ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda.

Zina zomveka n'zazifupi. Pa gulu lina la WhatsApp akangana usiku wonse ngati woyimba watsopano ayenera kuyimba m'Chingerezi kuti amveke kunja, mpaka wina anafunsa kuti nanga a Wambali Mkandawire anafika bwanji kutali konse kuja ndi Chitumbuka, ndipo a Zomba Prison Project anapezeka bwanji pa mndandanda wa opikisana pa mphoto ya Grammy mu 2016. Ku koleji ku Zomba akuti mnyamata aliyense wa gitala ali ndi nyimbo ya mtsikana amene anamukana, ndipo atsikanawo amakhala kutsogolo kumvetsera ngati atchulidwe. Ku Mzuzu akudandaula kuti zonse zimathera ku Lilongwe ndi ku Blantyre, pomwe oyimba abwino ali mbwee kumpoto, ndipo akunena zoona. Ogulitsa nsambo za gitala akuti malonda ayamba kuyenda, ngakhale ogulawo amafuna nsambo imodziimodzi, yomwe yaduka yokhayo. Ndipo pali agogo ena ku Chilobwe amene akuti mdzukulu wawo akakonzekera nyimbo pakhonde iwo amakhala oweruza: nyimbo imene yawavinitsa phewa ndiyo imapita ku shoo, yotsalayo ibwerere m'kope.

Tsono inu amene mumafika ku shoo usiku kwambiri podikira dzina lalikulu, ulendo uno fikani msanga. Lipirani pakhomo, musafunse mlonda ngati akukudziwani. Mwana wotsegulirayo mumvetsereni mpaka amalize, mufunseni dzina, ndipo ngati nyimbo yake yakukhudzani, nyamukani mukamufupe. Akakhala ndi nambala ya Mpamba kapena Airtel Money, tumizani pomwepo musanayiwale.