Walira Zilembo, Walira Guluu

Akuluakulu amene anati walira mvula walira matope analibe galimoto, koma mwambi wawowu unayenera kupachikidwa pakhomo pa aliyense wodinda masitika m'tauni. Munthu amapita kumeneko akulira mvula: dzina lake liwale pagalimoto, anthu aziliwerenga ali pasiteji, foni izilira usana ndi usiku. Za matope palibe amamuuza. Wodinda uja amangolandira ndalama n'kunena kuti, "Bwana, izi sizichoka." Pa mawu onse amene amalonda amalankhula, oona amakhala awa okha.

Mvula imayamba bwino. Bambo agula kagalimoto kabokosi konyamulira anapiye, alembetsa dzina lawo mbali zonse, n'kuwonjezera kuti "ndi Ana Ake" pomwe anawo akadali kusukulu ya mkaka. Manambala a foni atatu, chitambala chachikulu pachitseko, kumbuyo mawu olasa adani amene sanayambe n'komwe kuchita nsanje. Pakapita zaka, nkhuku zatha ndi chitopa, ngongole zakula, galimoto ikufuna wogula. Wogulayo akuti safuna kuyenda ndi tambala wa eni ake. Zilembo zichoke.

Apa ndiye pamayambira matope. Zilembozo ndi pepala lopyapyala la pulasitiki wa PVC, ndipo kunsi kwake kuli guluu amene anapangidwa dala kuti asaope mvula, sopo kapena mphepo. Dzuwa la zaka zambiri limaumitsa pepalalo mpaka kumangobenthuka tizidutswa. Bambo aja amayamba kusenda ndi chikhadabo m'mamawa, dzuwa pofika paliwombo achotsa chilembo chimodzi ndi lipombo la tambala. Pomwe pepala lachoka, guluu watsala, ndipo amakola fumbi ngati ulimbo ukola mpheta. Akangoyenda msewu umodzi wadothi, dzina lonse labwerera, lolembedwa ndi katondo, looneka bwino kuposa tsiku loyamba. Amene anawakongoza chakudya cha nkhuku amaliwerenga ali patali n'kutembenuza njinga.

Galimoto ikaima pabwalo akatswiri sasowa, kaya ndi ku Biwi kaya ku Ndirande. Woyamba amatulutsa lezala. Wachiwiri amatuma mwana kukatenga sitiliwulu wokwechera mapoto. Wachitatu amalumbira pali malemu bambo ake kuti thina wosungunulira penti ndiye mankhwala. Wachinayi, amene wangodutsa popita kogula ndiwo, amati, "Achimwene, thiranipo mafuta a mabuleki, mundiuza." Onsewa sanama, guluu amachokadi. Kungoti amachokera limodzi ndi penti. Lezala ndi sitiliwulu zimasiya zipsera, thina amapha kuwala, mafuta a mabuleki amadya penti mpaka chitsulo kuonekera, ndipo dzinja likafika dzimbiri limapeza pokhala. Pofika nthawi imeneyo akatswiri aja abalalika kalekale.

Zimene guluu amaopa ndi zitatu: kutentha, mafuta, ndi munthu wosapupuluma. Imikani galimoto padzuwa, kapena bwerekani choumitsira tsitsi kusaluni ngati magetsi alipo. Akazima, madzi otentha ndi nsanza zimathandiza. Tenthetsani pang'onopang'ono, ndipo dzanja likalephera kukhala pachitsulo dziwani kuti mwapyoza. Pepala likafewa, nyamulani kangodya ndi khadi lakale la kubanki, lomwe mwina aka kakhala koyamba kutulutsa kanthu kooneka, n'kumakoka modekha motsamiritsa.

Guluu wotsala mumuthere pamthunzi, chitsulo chitazizira, kutali ndi mbaula ndi osuta fodya. Nyowetsani kansanza ndi palafini, sipiriti kapena WD-40, pakani, dikirani mphindi zingapo, kenako palani ndi khadi lija n'kupukuta. Muzitembenuza nsanzayo, apo ayi mukungosamutsa guluu kuchoka pa "M" kupita pa "A". WD-40 ameneyu anapangidwa ku San Diego mu 1953 kuti aziteteza zitsulo za maroketi ku dzimbiri, lero akulimbana ndi mchira wa tambala. Mafuta ophikira nawonso amafewetsa guluu, koma ndi mtengo wake wa masiku ano yambani mwakambirana ndi mayi a kunyumba. Chilichonse chimene mwasankha, yesani kaye pamalo obisika monga mkati mwa chitseko. Amene ali ndi dirilu angagule gudumu la labala lopangidwira ntchito imeneyi, koma asaliimike pamalo amodzi, limawotcha. Pomaliza tsukani ndi sopo n'kupaka polishi.

Ndiye mwamaliza. Mwaima potero manja ali m'chiuno, mukuyang'ana ntchito yanu, ndipo dzina lija lili pompo. Pepala palibe, guluu palibe, koma mawu akuwerengeka. Si ufiti ayi. Zaka zonsezi dzuwa limasulukitsa penti wa galimoto yonse kupatula amene anabisala kunsi kwa zilembo, ndiye wobisalayo watuluka ali watsopano pakati pa anzake okalamba. Polishi wokhakhala pang'ono, amene opopera penti amasalazira, amachotsa kachikamba kosuluka n'kuchepetsa kusiyanako. Dzuwa nalo limafananitsa pakapita miyezi. Zikakanika, kwatsala kupopera galimoto yonse, pa mtengo woposa wa zilembo zija kutalitali.

Wofuna umboni apite pasiteji ya maminibasi. Ma Toyota Hiace ndi ma Nissan Caravan ambiri amabwera atagwira kale ntchito ku Japan, amatsika sitima ku Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe. Yang'anani m'mbali mwake dzuwa likapendeka. Muona mithunzi ya zilembo za Chijapani, nambala ya foni ya hotelo, kapena kakalulu komwetulira ka sukulu ya mkaka. Agogo opita ku Bangwe akwera galimoto ya tiana, nkhuku ili pamiyendo, kondakitala akuwauza kuti asunthe pang'ono. Mvula inagwa ku Nagoya, matope tikuponda ku Limbe.

Matope akuya kwambiri amaoneka chisankho chikatha. Pa nthawi ya kampeni munthu amakuta galimoto yonse ndi nkhope ya amene akumukhulupirira kuti apambana, magalasi okha kutsala. Zotsatira zikalengezedwa, usiku womwewo mumamva fungo la palafini kuseri kwa mpanda. M'mawa galimoto yayera, mwini wake wavala malaya a mtundu wina, akupita kukayamikira opambana n'kuwauza kuti iye anali nawo kuyambira kale. Koma pachitseko pali mthunzi wa makutu ndi chipumi chimene dziko lonse likuchidziwa. Chimodzimodzi anyamata amene analemba dzina la bwenzi pagalasi lakumbuyo: mkazi watsopano amaliwerenga m'mawa uliwonse mame akagwa.

Palibe akunena kuti tisiye kulira mvula. Popanda mvula kulibe chimanga, ndipo galimoto yopanda dzina siitana kasitomala. Mwambiwu umangotikumbutsa kuti ziwirizi zimagulitsidwa pamodzi, ngakhale pa lisiti amalembapo chimodzi. Choncho inu amene mwagula galimoto mwezi uno, musanamate funsani mtengo wochotsera. Nambala ya foni imodzi ndi yokwana. Dzina la bwenzi, la chipani ndi la bizinezi imene sinathe chaka, lembani pachikwangwani cha maginito, chochotsa usiku umodzi popanda mboni. Guluu musungire dzina limene mwakonzeka kukalamba nalo.