Tsokonombwe Akadakumana ndi Injiniya wa ku Toyota

Akuluakulu adati tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha, ndipo takhala tikumuombera m'manja osafunsa kanthu. Taiichi Ohno, injiniya wa ku Toyota amene adayambitsa kagwiridwe ka ntchito kotchedwa lean, sakadaomba nawo. Akadamuima kutsogolo n'kufunsa kuti, "Achimwene, chomwe mukudumphiracho sitingachisendeze pafupi?" Pa mitundu 7 ya kuwononga imene Ohno adaitchula m'fakitale, umodzi ndi kuyendayenda kosaphula kanthu. Wantchito amene amazungulira fakitale yonse kusaka sipanala amaweruka atatopa zenizeni, thukuta lili kamukamu, koma wogula galimoto salipira thukuta.

Phindu la maphunziro a lean n'loti wa pamakina aziona yekha zoterezi, ndipo umboni uli ku Fremont, ku California. Fakitale ya General Motors kumeneko idatsekedwa mu 1982 itatchuka ndi kujomba, kumwa mowa pantchito ndi magalimoto otuluka ndi zilema. Mu 1984 idatsegulidwanso mogwirizana ndi Toyota, n'kutchedwa NUMMI, ndipo ambiri olembedwa ntchito adali akalewo, akatswiri ojomba aja. Mazana mwa iwo adapita ku Japan kukaphunzira. Atabwerako, aliyense adali ndi ufulu wokoka chingwe chopachikidwa pamwamba pa mutu wake akaona bawuti yosamangika, ngakhale zifike poimitsa mzere wonse wopangira magalimoto. Kale kuimitsa mzere kudali kudziputira mavuto. Posakhalitsa magalimoto awo adali m'gulu la abwino koposa a General Motors.

Otsutsa amati lean ndi machenjera a mabwana ofuna kuti tsokonombwe mmodzi adumphe mtunda wa atatu, awiriwo apite kwawo. Mantha awo ndi omveka, pakuti alipo makampani amene amamata zikwangwani zamawu achijapani pakhoma m'mawa, madzulo n'kupereka makalata ochotsa anthu. Kumeneko palibe wantchito wamaganizo abwinobwino amene angaulule njira yachidule yodziwa yekha. NUMMI idachita zina: malonda atatsika mu 1988, sidachotse anthu, idawalowetsa m'kalasi. Enanso amakumbutsa kuti fakitaleyo idatsekedwa mu 2010. N'zoona, koma General Motors idali itatulukamo mu 2009 chifukwa cha ngongole zake, zomwe sizidayambire pa chingwe chija.

Choncho bwana amene mukufuna maphunzirowa, yambani mwalonjeza polemba kuti wobweretsa nzeru sachotsedwa nayo ntchito. Mukakana zimenezo, ndalama za mphunzitsiyo ingogulirani antchito anu nsapato zolimba.