Kamera Ilibe Mlamu

Lamulo la pamsewu la dziko lathu la Mozambique, lija lidatuluka mu 2011, limati galimoto yaing'ono isapitirire makilomita 60 pa ola ikamadutsa pomwe pakukhala anthu, ndipo kutchire isapitirire 120. Wopitirira amalipira multa, kuyambira meticais 1,000 kumakwera. Malire a mota ndi otsikirapo, koma ine ndimadziyeza ndi a galimoto chifukwa ndine bambo wa ulemu wanga. Chigulireni mota yanga sindinaphwanyepo 120 imeneyi, ndipo boma likadakhala loyamika bwenzi litandiitana kale kukalandira satifiketi. Mayi akunyumba amati satifiketiyo ikabwera tidzapachike pa motayo, poti ndiyo imakana kufika 50 ngakhale pamtsetse, mwera ukukankha kumbuyo. Singano yake yoonetsa liwiro idagona pa ziro kuchokera kwa mwini wake woyamba. Mukafunsa singanoyo, ine sindinachokepo pakhomo.

Ntchito yanga ndi ya nsomba. Ndimagula pagombe ku Chuanga ndi ku Metangula, usipa wouma ukapezeka, chambo chachiwisi Mulungu akakumbuka, n'kukwera nazo ku Lichinga. Dengu likachepa ndimapita pa mota, likakula ndimakwera chapa, minibasi ya kuno. Choncho nkhani ya liwiro ndimaidziwa ndi matako omwe.

Nkhani ya makamera idabwera pabwalo la bawo ndi alamu anga, amene adakhalako ku Joni ndipo safuna kuti wina aiwale. Akuti kumeneko m'mbali mwa msewu muli timabokosi topanda munthu, ukathamanga timangoti phethi, basi wajambulidwa, kalata ikupeza kunyumba. Anzanga adagwira pakamwa. Ine ndidafunsa funso limodzi lanzeru: chithunzicho amakupatsa? Pajatu chithunzi changa chomaliza ndi cha pachitupa, ndipo pamenepo ndikuoneka ndangobwera kumene kumaliro. Alamu adati amakupatsa, koma chimaonetsa kumbuyo kwa galimoto. Ndalama zonsezo, nkhope osaoneka!

Amene adayambitsa mavutowa ndi Maurice Gatsonides wa ku Netherlands, katswiri wa mpikisano wa galimoto amene adapambana wa ku Monte Carlo mu 1953. Iye adapanga makina oyezera liwiro pofuna kudziwa mmene angakhotere pakona mothamanga kuposa kale. Apolisi ataona makinawo adawakonda, kampani yake idayamba mu 1958, ndipo mpaka lero makamera ambiri amadziwika ndi dzina loti Gatso. Munthu wa liwiro ndiye adatchera anzake msampha. Koma amene ndimamumvera chisoni ndi Walter Arnold wa ku Kent ku England, yemwe amati ndiye woyamba kulipitsidwa chifukwa chothamangitsa galimoto, mu Januwale 1896. Malire anali makilomita atatu pa ola, iye adafika 13. Wapolisi adamuthamangitsa pa njinga yakapalasa mpaka kumugwira, khoti n'kumulipitsa shilingi imodzi. Pa akatswiri onse a liwiro a m'mbiri ya dziko lapansi, uyu yekha ndi amene mota yanga ikadamupitirira, bola pasakhale chitunda.

Funso la pabwalo lidali loti kodi timabokosi timeneti timathandizadi, kapena ndi njira ya boma yopempherera ndiwo. Ndi zonse ziwiri, koma kuthandiza kulipo. Ku France chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 anthu pafupifupi 8,000 ankafera pamsewu chaka chilichonse. Mu 2003 adayamba kudzala makamera odzilembera okha multa, ndipo pofika 2010 imfa zidatsika kufika pansi pa 4,000. Pali zina zimene zidathandizira, monga galimoto zolimba ndi kukhwimitsa za mowa, koma liwiro la anthu pamsewu lidatsika ndithu. Afalansa eni ake adathokoza bwanji? Boma litatsitsa malire a misewu ya kumidzi kufika pa 80 mu 2018, pa zionetsero za a majekete achikasu adaswa ndi kuphimba makamera oposa theka. Ndidamva izi mtima udakhala pansi. Ndinkayesa kusamva ndi kwathu kokha kuno kunyanja.

Chinsinsi cha kamera si galasi lake ayi. Kamera ilibe mlamu. Siidziwa kuti iwe ndi iyo mudabatizidwa limodzi ku Messumba, kapena kuti amalume ako adakwatira kwao. Simva ludzu, ndiye nkhani ya refresco, kachiphuphu kaja, siyambika n'komwe. Sungaiuze kuti "chefe, tiyeni tikambirane," chifukwa ilibe khutu. Ku Kigali ku Rwanda madalaivala adafika poipatsa dzina la mkazi, Sofia, ndipo amaiopa kuposa apongozi. Ife tidazolowera chilango chokhala ndi nkhope, chimene ungachipatse moni, kuchifunsa za ana kunyumba, kuchionetsa chambo chonona chili pamwamba pa dengu. Ineyo luso langa lonse la pamsewu lagona pakamwa. Kundiikira kamera n'kundilanda zida.

Anzathu a kutsidya ku Malawi ali ndi kamera yogwira pamanja, wapolisi atabisala nayo pansi pa mtengo m'mbali mwa M1. Imagwira ndithu, makamaka alendo. Eni msewu amaphethirana magetsi, dalaivala wobwera kutsogolo kukuuza kuti akulu ali pakona, ndiye galimoto zonse zimadutsa pamenepo mwaulemu wa kwa apongozi, zikangokhota moto uja wayambiranso. Chikondi cha pa abale chimenechi ndi chokoma, kungoti mwana woyenda m'mbali mwa msewu palibe amene amamuphethira.

Tsono tiyerekeze kuti Sofia wafika kuno m'boma la Lago. Choyamba afuna nambala ya kumbuyo. Mota zambiri za kuno zilibe, ndipo yanga ili nayo koma idakwiririka ndi matope a dzinja lapita, pamwamba pake dengu. Chachiwiri afuna keyala yotumizirako kalata. Keyala yanga ndi iyi: mukafika pagombe mufunse pomwe pali thandala la usipa lopendekeka, kuseri kwake kuli mtengo wa mango, pamenepo mufunse mwana aliyense kuti bambo a mota yotsokomola amakhala pati. Kompyuta ya ku Maputo ilembe zimenezo. Ndipo mwanayo akaona kuti wofunsayo wanyamula envulopu ya boma, adzayankha kuti bambo amenewo adasamukira ku Likoma. Chachitatu afuna magetsi, ndiye amuikira sola. Sindikunena kuti kuno kuli akuba, koma mafoni ofuna kutchaja ndi ambiri.

Nanga pakadali pano liwiro amatiletsa ndani? Pa msewu wafumbi wopita ku Cóbuè ntchitoyi ili m'manja mwa maenje, mchenga ndi mbuzi, ndipo amaigwira usana ndi usiku popanda malipiro. Mvula ikagwa chikwangwani cha 60 chingakhale chipongwe. Akuluakulu adati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi, koma pa msewu umenewu ngakhale muyambire limodzi mukafika mawa nonse. Panyanja wapolisi ndi mwera, ndipo sakambirana. Sitima ya Ilala yakhala ikuyenda pa nyanja ino kuyambira 1951 ndipo palibe adaiimitsapo chifukwa cha liwiro.

Pomwe ndimasiya kuseka ndi pa tala. Kuchokera ku Lichinga kufika ku Metangula ndi makilomita opitirira pang'ono 100. Lichinga ili pamwamba, mamita oposa 1,300, pomwe nyanja ili pansi pa 500, ndiye gawo lalikulu la kusiyanako galimoto imalimeza potsetsereka mukapitirira Maniamba. Msewu ndi wopapatiza, makona ndi otsatizana. Chapa imakhala yadzaza, matumba a chimanga ndi mbatata padenga, kondakitala theka lili panja. Pamenepo fungo la mabuleki limayamba kulowa m'kati, macheza onse amatha, mayi amene amakalipira mwana amayamba kumusisita. Mukatsika n'kufika m'midzi, tala yemweyo ndiye njira ya ana a sukulu, ya amayi osenza mabeseni a chinangwa chonyika, ya agogo okankha njinga ya nkhuni. Palibe kanjira kawo kapadera. Galimoto yothamanga 60 imadya pafupifupi mamita 17 pa sekondi imodzi, kutanthauza kuti dalaivala asanasunthe n'komwe phazi wadutsa kale nyumba ziwiri. Liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woti buleki igwire umawirikiza kanayi. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wapansi akagundidwa pa 65 m'malo mwa 50, kuthekera koti afe kumakula kanayi ndi theka, ndipo limati misewu imapha anthu pafupifupi 1.19 miliyoni pachaka, Africa ndiye ili patsogolo poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu. Tonse tikukumbuka Julaye 2021 ku Maluana m'boma la Manhiça, pa EN1, pomwe basi idawombana ndi malole n'kupha anthu oposa 30 usiku umodzi. Ndipo kuno wovulala kwambiri amayenera kukweranso phiri lomwelo kuti akafike ku chipatala chachikulu ku Lichinga.

Vuto ndi loti mwa ine muli anthu atatu, ndipo sagwirizana. Ndikakhala pa mota ndine woyera mtima, chifukwa cha injini. Ndikamayenda pansi chapa n'kundidutsa ndi mphepo, ndimaitukwana mpaka agogo ake a dalaivala, n'kufunsa kumwamba kuti boma lili kuti. Koma ndikhale m'kati mwa chapa yomweyo, chambo chachiwisi chili pansi pa mpando, dzuwa likukwera, ayezi akusungunukira m'nsapato zanga, mudzamva mawu ochokera kumbuyo: "Achimwene, pondaniko, tanyamula ndiwo izi, si mitembo!" Mawu amenewo ndi anga. Dalaivala akaponda ndimatseka maso n'kuyamba Atate Wathu. Mwana wanga wa sukulu adandiwerengera kuti pa makilomita 100, kuyenda pa 100 m'malo mwa 80 kumapulumutsa mphindi 15 zokha. Mphindi zimenezo ndimazitaya ndisanakwere n'komwe, pokangana ndi kondakitala za mtengo wa dengu. Ndidamuuza mwanayo kuti masamu a kusukulu ndi ena, a bizinesi ndi ena, apite akatunge madzi.

Dalaivala naye ali ndi ake omukankha. Mwini chapa amafuna ndalama yake madzulo, ndipo wofika msanga pasiteji ndiye amanyamula anthu. Kumbuyo kwa galimoto adalemba bwinobwino kuti kuthamanga sikufika, koma adalemba kumbuyo, komwe iye saona.

Ndiye a INATRO oyang'anira za magalimoto ndi a zamisewu, mukafuna maganizo a munthu amene sanaphwanyepo 120, ndi awa. Kamera bweretsani, muiike pa mtsetse uja, chifukwa mbuzi sizingagwire ntchito ya boma mpaka kalekale. Koma yambani ndi mahampu pa sukulu ndi pa misika ya m'mbali mwa tala, opakidwa penti kuti azioneka usiku. Hampu nayo ilibe mlamu, sifuna keyala, sifuna sola, ndipo chilango chake chimafika pompo, pamsana. Ndikupempha izi ndikudziwa kuti mota yanga ikafika pa hampu imazima, ndipo ndidzakhala ndikuikankha pamaso pa ana a sukulu.

Inu amene mudzakwere nane chapa ya m'mamawa, mukadzandimva ndikuuza dalaivala kuti aponde, musadzandinyengerere. Mudzanditsitse pa Maniamba. Koma dengu lokha lipitirire, mukalipereke kwa amayi ondigula ku msika wa ku Lichinga, ndalama ndidzatenga ndikafika wapansi.