Kuthamanga Si Kufika

Mwezi wathawu, pamene tinasonkhana kuno ku Kawaza, m'dziko la Mfumu Nsefu, kudzaperekeza kumanda nkhalamba ina imene inakhuta masiku, agogo ena a kumidzi ya m'mbali mwa Lupande, amene anadza ndi ndodo napumira pansi pa mvunguti uliwonse wa m'njira, anafika khamu lisanachuluke pasiwa. Mphunzitsi wina wa ku Jumbe, amene njinga yake sidziwa mabuleki chigulire, anafika adzukulu asanagwire makasu. Koma mwana wa malemuyo, woyendetsa chilole chimene chimameza makilomita oposa 500 a pakati pa Chipata ndi Lusaka pa tsiku limodzi, anafika ife titameta kale. Sanachedwe ndi mowa, kapena ndi mwano. Uthenga unam'peza ali pamzere wa malole ku Kasumbalesa, pamalire a Zambia ndi Congo, ndipo katundu wa mwini sasiyidwa pamsewu. Mkulu wina anangogwedeza mutu nanena kuti kuthamanga si kufika.

Anyamata athu saukonda mwambi umenewu. Amati unapekedwa ndi anthu a nyamakazi pofuna kuti ena onse aziwadikira, ndipo umboni ali nawo: kodi si buluzi wothamanga uja amene anafika kwa anthu ndi uthenga wa imfa, bilimankhwe wonyamula moyo akali kusankha poponda? Chotero, chiikire phula mumsewu wa ku Chipata, mnyamata aliyense woona lole ya thonje ikutsikira kuno kuchigwa mtima wake umakwera nayo. Amasirira mpando wam'mwamba uja, kama wa kumbuyo kwa mpando, ndi maina okoma pakamwa monga Beira, Durban, Dar es Salaam ndi Walvis Bay. Amagulitsa thonje ndi mbuzi kuti akaphunzire chiwongolero ndi kukatenga laisensi ku bungwe la RTSA. Ndipo palibe amene amam'nong'oneza kuti ntchito imene akuithamangirayo gawo lake lalikulu ndi kukhala pansi.

Taonani ulendo wake wa dalaivala. Anyamuka padoko la Beira ndi katundu wa kumigodi ya ku Congo, ndipo popeza mabwana ambiri amawerengera ndalama ya m'njira pa ulendo, osati pa masiku amene ulendowo udzadye, munthuyo amayendetsa monga Yehu wa m'buku la Mafumu. Apyola Tete, alowera pa Chanida, akhotera pa Katete. Nthochi za pa Nyimba azipenya ndi diso limodzi. Awoloka mlatho wa Luangwa nakwera mapiri a Manenekera, kumene anzake ambiri anasiya mafupa. Adya nsima ataimirira, agona tulo toduladula, apyola Lusaka, Kabwe, Kapiri Mposhi, Kitwe ndi Chingola. Ndipo atatsala pang'ono kufika, mtima utayamba kuwerengera ndalama, aona kutsogolo kwake msana wa lole ina itaima. Kutsogolo kwa imeneyo kuli ina, ndi ina, kufikira kumene maso alekezera. Amene anam'pitirira dzulo paphiri nam'lizira hutala monyada, ndiye amene tsopano aima pambuyo pake nadzam'pempha mchere.

Pamenepo pamabadwa mudzi, ndipo ine amene ndakhala m'mudzi moyo wanga wonse ndikuchitira umboni kuti mudziwo ngokwanira. Uli ndi nyakwawa yake, ndiye dalaivala wa imvi amene waona mizere yambiri, woweruza milandu ya olowerera pamzere. Uli ndi mafuwa ake, pakuti pansi pa lole iliyonse mbaula ifuka, ndipo Mzambia, Mtanzania, Mzimbabwe ndi Mmalawi abwerekana mthiko popanda womasulira. Uli ndi msika, popeza amayi a tomato, makala ndi madzi a m'zigubu amadziwa kuti wogula amene sangathawe safunsa mtengo kawiri. Uli ndi wometa tsitsi, wosintha ndalama, mlaliki, ndi afisi ake a usiku amene amayamwa dizilo m'thanki mwini ali mtulo. Zovala zochapa zilendewera pagalasi loonera kumbuyo. Chosowa ndi chimbudzi chokha. Ndipo munthu akati apatukeko, nthawi yomweyo ndi imene mzere umasuntha, kotero kuti mwamuna wolemekezeka, tate wa ana, amaoneka akutuluka patchire ali liwiro, lamba ali m'manja, kuti akasunthe lole yake mtunda wa lole imodzi ndi kuizimitsanso. Kumeneko ndiko kuthamanga kokha kumene kumachitika pamzerepo.

Wogulitsa makala wa panjinga apitirira chilole cha mahatchi mazanamazana m'mawa, nachipezanso pomwepo madzulo, nalonjera dalaivala ngati mnansi wakale. Ndikhulupirira kuti fulu wa kuno ku Luangwa, akanakhala ndi mapepala okwanira, bwenzi atafika ku Lubumbashi ndi kubwerako. Koma mapepalawo ndiwo mutu wa nkhani: lero ajenti sanalipire msonkho, mawa chidindo chasowa mwini wake, mkuja kalaliki wa kasitomu atambasula manja nanena kuti netiweki palibe. Mose anapenya Kanani ali paphiri la Nebo kamodzi kokha namwalira; dalaivala amapenya Congo m'mawa uliwonse, osalowamo ndiponso osamwalira.

Tsono foni ilira. Ndi bwana wa ku Lusaka, amene anabisa kachipangizo m'lole kamene kamamuonetsa pakompyuta pomwe galimoto yake ili. Kadontho kaja kakathamanga kwambiri, bwana akalipa, kakaima pa Nyimba, bwana akalipa, ndipo tsopano, ngakhale akuona ndi maso ake kuti kadonthoko sikanasunthe chiyambire Lolemba, afunsa ndithu kuti, “Muli pati?” Dalaivala ayankha mwaulemu kuti, “Ndili pomwe paja, bwana,” ndipo yankho lomwelo lidzagwiranso ntchito mawa.

Apa kuseka kumayamba kuwawa m'nthiti. Kumapeto kwa chaka cha 2020, madalaivala atanyanyala ntchito, boma la Zambia linalamula kuti woyendetsa lole asalandire ndalama yochepera K3,000 pa mwezi, ndi kuti azipatsidwanso ya kugona m'njira. Lamulolo nlabwino, ndipo mabwana oopa Mulungu amalisunga. Koma lamulo lili ku Lusaka, pamene njala ili pamzere. Ndalama ya m'njira ikatha tsiku lisanafike, munthu amayamba kudya ya ana ake; dizilo wobedwa usiku uja amadulidwa pamalipiro ake; tayala likaphulika, mlandu umagwera amene analibe nthawi yogona. Abwerera kwawo msana ukuwawa, malungo ali m'thupi, m'thumba muli malisiti okhaokha, ndipo kamwana kake kotsiriza kamabisala kumbuyo kwa chitenje cha amake, kakufunsa kuti alendowa achoka liti. Munda walimidwa iye kulibe, njovu zathamangitsidwa m'chimanga iye kulibe, mkazi wadwala nachira iye kulibe. Munthu wodziwa mitengo ya nsima m'maiko asanu sadziwa kalasi limene mwana wake ali.

Ndipo tisanamizane kuti kudikirako nchilengedwe, monga kusefukira kwa Luangwa kumene palibe angakuletse. Pa Chirundu Zambia ndi Zimbabwe anaphatikiza maofesi awo a m'malire mu 2009. Pa Kazungula, pamene malole ankagonera masiku kudikira pantuni, anatsegula mlatho mu 2021. Pa Mwami, pafupi ndi Chipata pomwepa, Zambia ndi Malawi anatsegula chipata chimodzi cha onse awiri mu 2022. Chimene anthu anachipanga ndi zidindo, anthu omwewo angathe kuchichepetsa ndi zidindo. Mkuwa wa ku Kolwezi ufika kutsidya la nyanja, feteleza wathu afika ku Chipata, sopo ndi mchere zifika m'magolosale a pa Mfuwe. Zonse zimafika, kupatula munthu amene wazifikitsa.

Nchifukwa chake ndinena kuti akulu akale sanalakwe, koma ife ndife amene timalalikira mwambi wawo kwa munthu wolakwika. Dalaivala safunika kuuzidwa kuti kuthamanga si kufika. Iye ndiye mphunzitsi wamkulu wa phunzirolo. Ofunika kuumva ndi mabwana amene amalipira kuthamanga kokha, ngati kuti tsiku loima dzuwa silituluka ndipo mimba silira. Pakuti munthu wolondera katundu wa mamiliyoni usana ndi usiku pambali pa msewu ali pantchito ndithu, ndipo wantchito ayenera malipiro ake. Lipirani kudikira, mabwana inu, ndipo mudzaona kuti kuthamanga kwa misala kuja, kumene kwadzaza zigwa za Manenekera ndi zitsulo, kudzachepa kokha.

Ndipo inu anyamata a ku Kawaza, sindikuletsani. Ntchitoyo njolemekezeka, yamanga nyumba za malata ndi kuphunzitsa ana ambiri. Koma tsiku limene bwana adzakuikirani pepala patsogolo kuti musayine, musadzafunse za liwiro la lole kapena kufewa kwa kama wake. Mudzafunse mwaulemu, chipewa chili m'manja, kuti tsiku loima pamalire amalipira zingati, dizilo akabedwa amalipira ndani, ndi kuti maliro akagwa kumudzi adzatumiza ndani kudzagwira chiwongolero. Akayankha, muwapemphe alembe.