Faivi Minitsi Kuchoka pa Tala

Kusankha dera lokhala pamene banja likusamukira ku Lilongwe ndi phunziro la nthambi zinayi: mtunda, madzi, anthu oyandikana nawo ndi lendi. Wophunzira wake kawirikawiri amakhala bambo amene walandira kalata ya transifa, ali ndi ana atatu, firiji yakufa ndi chikhulupiriro chakuti amadziwa zinthu. Chitsanzo chimene chatengedwa pano ndi cha bambo wina wochokera ku Zomba, yemwe mwangozi ndi amenenso amalemba tsamba lino.

Lilongwe, imene inalanda ulikulu kwa Zomba mu 1975, inagawidwa m'madera a manambala, koma manambalawo satsata kuyandikana kwa malo. Area 25 ili kumpoto, kufupi ndi mafakitale a ku Kanengo. Area 24 ili kummwera, mzinda wonse uli pakati. Bambo uja, amene anakhoza masamu pa Fomu 4, ataona kuti ntchito ili ku Kanengo ndipo nyumba za ku 25 zadula, anauza akunyumba kuti angotsikako nambala imodzi yokha. Safunsa anadya phula. Mayina nawonso amapusitsa: ku Area 49 kuli Dubai, koma wopita kumeneko safunika pasipoti.

Muyeso wa mtunda mumzindawu ndi faivi minitsi. Amausunga ndi maejenti a nyumba, anyamata a foni ziwiri amene amayamba alandira ndalama yoonetsera nyumba, kenaka n'kumakumbuka komwe nyumbayo ili. Kwa iwo nyumba iliyonse ili faivi minitsi kuchoka pa tala. Chimene sanena n'chakuti faivi minitsiyo ndi ya ndani: ya wapansi, ya kabaza, kapena ya mbava imene ikuthamangitsidwa. Bambo uja anaiyesa ndi miyendo yake. Anatsika minibasi dzuwa lili paliwombo, nawoloka mlatho wamitengo, nadutsa chigayo, manda, dimba la mpiru ndi chigayo china. Jekete ili paphewa, anafunsa ngati asochera.

"Tafika kale, bwana," anatero ejenti. "Kwangotsala faivi minitsi."

Faivi minitsi imaswana ngati mbira. Sukulu ya pulayimale ili faivi minitsi, chipatala chimodzimodzi, msika ndiye sunenedwa. Magetsi akazima amayaka pakatha faivi minitsi. Landilodi amene analonjeza kukonza chitseko cha bafa ali m'njira, faivi minitsi, kuyambira tsiku lolowa m'nyumba, ndipo banjali linaphunzira kusamba likuimba mluzu.

Pa nkhani ya madzi lamulo ndi limodzi: mpopi uzitsegulidwa. Bambo uja anauona, wonyezimira bwino, nagwedeza mutu ngati injiniya, osaugwira n'komwe. Mpopiwo umangopuma befu usana wonse, madzi n'kumafika 2 koloko usiku. Wodziwa amawerenga zigubu ndi ndowa zimene zili pakhonde la oyandikana nawo. Zikapitirira khumi, nkhani yatha. Palinso madzi amene amabwera osaitanidwa. Nyumba imaonedwa bwino mu Januwale kapena Febuluwale, chifukwa mu Okutobala khwawa lililonse limaoneka ngati msewu. Okhala m'mphepete mwa Lingadzi amazidziwa zimenezi. Mzere wa matope ukaoneka pakhoma, msinkhu wa m'mawondo, ejenti amautcha penti ya mitundu iwiri.

Oyandikana nawo amayesedwa Lachisanu usiku ndi Lamulungu m'mawa, pamene bala ndi tchalitchi cha zimkuzamawu zimaonetsa mphamvu. Bambo uja anapita Lachiwiri, 10 koloko m'mawa, nakasimba kunyumba kuti kumaloko n'kwa zii ngati kumudzi. Lero mwana wake wamng'ono amasakaniza nyimbo za mbali zonse ziwiri. Komabe akatswiri enieni a phunziroli ndi amayi. Mayi wa pakhomopo, sabata isanathe, anali atadziwa nyumba yopempha mchere, mzamba wapafupi, mphunzitsi amene samenya ana, njira yosayenda kukada ndi anthu amene amafika msanga pakagwa zovuta. Zonsezi anazimva pamzere wotunga madzi.

"Abambo," anatero, "mukanangofunsa amayi ogulitsa tomato aja, bwenzi zonsezi kulibe."

Lendi imalipiridwa miyezi itatu patsogolo ndipo imamvera wailesi. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, landilodi uja anafikadi pa faivi minitsi, ulendo wokhawo m'mbiri yake, kudzakweza lendi. Njerwa za nyumbayo zinawotchedwa nthawi ya Kamuzu, ndipo palibe anaziona zikudya madola.

Chimene anthu amatcha dera labwino ndi malo amene paipi, ngalande, tala ndi galimoto yotola zinyalala zinafikako. Zinthu zimenezi zinayenera kukhala za aliyense wokhala mumzinda, koma zinasanduka malonda owonjezera pa lendi. Mlonda wa ku Mtandire amagona panja kulondera kapinga wothiriridwa wa ku Area 47, pamene mkazi wake walawirira ndi ndowa kukaima pamzere. Kuchoka ku Mtandire kufika ku Area 47 ndi faivi minitsi yeniyeni, yokhayo imene ejenti sanainamepo.

Gawo lotsiriza la phunziroli ndi kusamukanso, kumene kumachitika miyezi itatu ija ikatha. Bambo uja tsopano ali ndi kope lolembamo mafunso, ndipo mayi ndi amene azikaona nyumba. Ejenti watsopano waimbiridwa kale foni. Wati wapeza nyumba yampanda, madzi osasiya, ndipo iye ali pafupi, akufika pa faivi minitsi. Limenelo linali Lolemba.