Za chiliza cha agogo

Okondedwa amalume,

Kuno ku Johannesburg tilipo, kungoti chisanu cha June chikutilowa m'mafupa. Uthenga wanu wa pa WhatsApp ndaumva, ngakhale theka lake analankhula ndi tambala wa kwa aneba.

Ndalama ya chiliza ndatumiza pa Mukuru. Ndi ya simenti, mchenga ndi mmisiri, amalume. Ndikubwereza chifukwa ya chaka chatha ija, yomwe inali ya zitseko, ndinamva kuti inasanduka mbuzi ziwiri.

Koma pa mawu olemba pachilizapo ndiye sitikugwirizana. Inu mukuti tilembe kuti anali munthu wofatsa. Agogo ake ati? Omwe aja ankakalipira nkhuku m'Chifanakalo mpaka nkhukuzo kulowa zokha m'khola dzuwa likadali pamutu? Tisawanamizire akufa, angatilotetse.

Masiku ano ndimawakumbukira kwambiri chifukwa ndikuponda momwe anaponda iwo, ngakhale ulendo wathu ndi wosiyana. Iwo anabwera ndi Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za kumigodi: ndege kuchokera ku Chileka mpaka ku Francistown, kenako sitima mpaka kumigodi. Munthu anakwera ndege asanagulepo nsapato! Ine mdzukulu wawo wa MSCE ndinadutsa pa Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge nditapanikizika pakati pa thumba la ufa ndi mayi wina wonyamula usipa, moti pofika ku Park Station amphaka onse ankandipatsa moni.

Inu munali wamng'ono pomwe ndege ya Wenela inagwa ku Francistown mu 1974 n'kupha Amalawi 74 omwe ankabwerera kwawo. Kamuzu analetsa zopita kumigodi pompo. Agogo nthawiyo anali kumudzi, ndipo agogo aakazi mpaka lero amanena kuti Kamuzu anangotengera mawu awo, poti iwo anali ataletsa kale. Njira itatsegukanso mu 1977, akuluwo ananyamukanso, chifukwa inu ndi amayi munkafunika fizi ndipo mtedza wa chaka chimenecho sukanakwanira. Zindikirani kuti sukulu yanu inachokera pansi pa nthaka, musamaiwale mukamadzitama ndi Chingerezi pamaliro.

Anzawo ambiri anatchona. Anakwatira konkuno, mayina anasintha, kumudzi anangotsala nthano. Agogo kontrakiti ikatha ankabwera, osaphonya. Nthawiyo gawo la malipiro ankalisunga kuti munthu akalandirire kwawo, ndipo ndikanakonda abwana anga atamachita chimodzimodzi, chifukwa ine randi ikafika m'manja imatsanzika isanakhale pansi. Agogo anabwera ndi wailesi, mabulangete, makina osokera a Singer a agogo aakazi, malata, ndi njinga ya Humber ija. Ndipo musaiwale kuti anali mkamwini. Anakhoma malata pamudzi pa eni, akudziwa kuti tsiku lina akhoza kuuzidwa kuti anyamule mphasa yawo. Anthu ankawaseka kumbali. Mvula ikabwera, osekawo ndi omwe ankadzausa pakhonde pomwepo.

Njinga ija ndiye nkhani. Ankaipukuta m'mawa uliwonse, ndipo mwana akangokhudza belu, mlandu wake unkafika kwa amfumu. Pamatope ankaisenza paphewa kuti isade. Ine ndinkaganiza kuti njingayo amaikonda kuposa ife, mpaka usiku womwe mchemwali wanga anakomoka ndi malungo. Anamumanga kumsana ndi chitenje cha agogo aakazi, napalasa mumdima, mvula ikugwa, mpaka kuchipatala cha mishoni. Pobwera njinga inali yopindika limu, yodzaza matope, ndipo sanaidandaulepo ngakhale kamodzi. Mawa lake anandikalipira ine chifukwa chokhudza belu.

Mukukumbukanso mmene ankagawira sikono? Akabwera kumsika ndi sikono imodzi, ankatiika pamzere adzukulu tonse, n'kutulutsa mpeni wawo wa Okapi, n'kuyamba kuyeza ngati mmisiri wa matabwa. Aliyense ankalandira kachidutswa koti ukayetsemula kauluka. Iwo ankanyambita mpeni basi, n'kunena kuti anadya kale kumsika. Ndakula tsopano, ndipo ndikudziwa kuti kumsikako sankadya kanthu. Kuno ndikagula buledi wathunthu n'kudya ndekha m'kachipinda kanga, amandivuta kumeza, ngakhale ndisaname, ndimamaliza.

Choncho pachilizapo lembani dzina lawo, zaka zawo, ndi mawu awa okha: Anapita ku Joni nabwerako. Aliyense wa kwathu akawerenga adzamvetsa. Komanso mmisiri amalipiritsa pa chilembo chilichonse, ndiye za vesi lalitali lomwe akufuna azakhali lija, alipire okha.

Pali china chofunika. Chifuwa chomwe chinawavutitsa agogo zaka zomaliza chija, ambiri omwe anagwira m'migodi ya golide ali nacho chifukwa cha fumbi la miyala. Kuno kuli bungwe la Tshiamiso Trust, lomwe linakhazikitsidwa makampani a migodi atavomera kupereka R5 biliyoni kwa omwe anadwala matenda a fumbi ndi TB, ndipo mabanja a omwalira nawonso amatha kukafunsa. Sindikulonjeza kanthu, ndiye musayambe kukongola pagolosale. Koma tsegulani sutikesi yawo yachitsulo ija ili kunsi kwa bedi, mufunefune chitupa cha kumgodi, mapepala a TEBA (yomwe inalowa m'malo mwa Wenela) ndi a kuchipatala, mujambule bwinobwino munditumizire. Pojambula chotsani chala pa kamera.

Muwauze agogo aakazi kuti bulangete lawo likubwera pa basi mwezi wamawa, ndipo ine sindinatchone. Nsapato zomwe munapempha zija ndigula chiliza chikatha, ndikaona chithunzi chake.

Ndine mphwanu,
wa ku Joni